Nyali ya Atate a Enelesi

Fungo la palafini ndi dzimbiri limandibwezera ku Kafue, m'chilimwe cha chaka chimene ndinali giledi sikisi. Linali fungo la nyali ya agogo anga aamuna, a Mbewe, amene anachoka ku Katete ali mnyamata kudzagwira ntchito ya njanji. Inali nyali yachitsulo, yolemera, ya magalasi awiri, lofiira ndi lobiriwira, yoimitsira sitima. Inkakhala pansi pa bedi lawo, ndipo mdzukulu akaikhudza, khutu linkapotozedwa.

Chaka chimenecho mphunzitsi wina wopuma pantchito, a Tembo, anatsegula kamyuziyamu m'kanyumba ka zipinda ziwiri kufupi ndi siteshoni. Anayenda khomo ndi khomo kupempha zinthu zakale. Tsiku limene anafika kwathu agogo anali m'chipatala ndi chifuwa, choncho ambuya, akazi awo, ndiwo anapereka nyaliyo. Ine ndinamva nditaweruka, ndipo m'mawa mwake sukulu yonse inadziwa kuti dzina la agogo anga lili m'myuziyamu. Pakamwa panga panalibe chitseko masiku amenewo.

Aphunzitsi anatitengera kumeneko Lachisanu lina. Tinayenda pamzere, dzuwa likuswa mtengo, mphepo ikubweretsa fungo loyabwa m'mphuno la fakitale ya feteleza. M'kati munali motentha ngati mu uvuni. Munali maukonde ong'ambika, miono, theka la bwato, nsimbi ya makala, ndi zithunzi za mlatho zachita chikasu. Ine zonsezo ndinalibe nazo ntchito. Ndinakankha anzanga mpaka ndinafika patebulo la pakona, pamene nyali yathu inaima itapukutidwa. Pansi pake panali kakhadi kolembedwa ndi dzanja: "Nyali ya njanji. Mwini wake: atate a Enelesi."

Kwathu kunalibe Enelesi. Atate anga anali a Jemusi, ndipo ambuya ankaitana agogo kuti atate a Jemusi. Mutinta, mtsikana amene tinkalimbirana naye nambala wani, anawerenga kakhadiko mokweza. "Iwe Tisa, wachinja dzina? Ndiwe Enelesi manje?" Kalasi yonse inafa ndi phwete. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Koma manyazi sanali aakulu kuposa mantha. Agogo anali atatuluka m'chipatala, ataonda, ndipo akuluakulu ankatsitsa mawu akamakamba za iwo. Tsiku lililonse ankati miyendo ikangolimba apita kukaona nyali yawo. Munthu wagwira ntchito moyo wake wonse, akapeze dzina la mwamuna wina pa nyali yake? Ayi ndithu. Ndinaganiza zokakonza ndekha, osauza munthu kunyumba.

Ha, ulendo wake! Tsiku loyamba ndinapeza loko pachitseko. Mayi wogulitsa vitumbuwa pafupi anati, "Ba Tembo bayenda ku maliro ku Shimabala, na makiyi bayenda nayo." Lachiwiri a Tembo anali atakwera minibasi kupita ku Lusaka kukapempha magalasi otchingira zinthu za m'myuziyamu. Lachitatu ndinawapeza, akusesa. Ndinagwada bwinobwino, n'kufotokoza zonse, mpaka dzina lonse la agogo ndinalitchula. Anandiyang'ana pamwamba pa mandala awo. "Ninalemba vamene bananiuza. Siningachinje mbiri chifukwa cha mwana. Bweresa mukulu."

Ndinabwerera ndikumenya miyala ndi nsapato. Wamkulu uti? Atate ankalowa kufakitale m'mawa n'kutuluka myuziyamu atatseka, ndipo amayi akadamva kuti ndikukangana ndi aphunzitsi akale, ndikadaona zakuda. Choncho ndinang'amba chikuto cha kope langa, n'kulembapo dzina la agogo ndi zilembo zikuluzikulu. Loweruka ndinalowa ngati ndikuona bwato, n'kuika khadi langa pamwamba pa lawo. Sindinafike n'komwe pakhomo. A Tembo anandigwira pakolala, n'kundibwezera pepala langa m'manja pamaso pa alendo awiri. Anatinso ndisadzapondemo popanda kholo.

Ndinafika kunyumba misozi ndi fumbi zitasakanikirana kumaso. Ambuya anali pakhonde akupala nsomba, agogo atagona pamkeka pansi pa mtengo wa mango. Mkwiyo unandiiwalitsa ulemu, unandiiwalitsanso chinsinsi changa. Ndinakalipa kuti a Tembo ndi munthu wouma mutu, wapereka nyali yathu kwa atate a Enelesi, munthu wosadziwika, ndipo akukana kusintha.

Mpeni wa ambuya unaima. Sanandiyang'ane. "Anandifunsa dzina," anatero. "Nanga ine ndingatchule dzina la amuna anga kwa mlendo?"

Agogo anandikodola kuti ndikhale pamkeka. Anayankhula pang'onopang'ono, chifuwa chikuwadula mawu. Enelesi anali mwana wawo woyamba, mlongo wa atate anga. Anabadwira kumsasa wa antchito a njanji, kutali ndi tauni, ndipo anadwala chikuku asanayambe kuyankhula. Anamubereka kumbuyo kutsata njanji kupita kuchipatala, mvula ikugwa, nyali imeneyo ikuwaunikira, koma sanafike naye. Anamuika m'mbali mwa njanji, popanda mtanda, ndipo malowo anthu anadzalimapo chimanga. Jemusi atabadwa, dzina loitanira linasintha, n'kukhala ngati mwanayo sanakhaleko.

"Ambuya ako ataigwira nyali ija, anakumbuka," anatero agogo. "Lisiye khadilo, mwanawe. Dzina lake silinalembedwe pena paliponse."

Ambuya anayambanso kupala nsomba yomwe anali atamaliza kale.

Agogo sanapiteko kumyuziyamu. Anatisiya mvula yoyamba itangogwa. Ine ndinakhalabe ndi kamkwiyo, chifukwa Mutinta anapitiriza kunditcha Enelesi mpaka giledi seveni, ndipo ndinalibe mawu omufotokozera. Nthawi imeneyo ndinkaona kuti ndagonja, kuti akuluakulu onse, a Tembo ndi akwathu omwe, anandimana chilungamo changa. Lero ndine mayi, ndipo ndikamva fungo la palafini ndimathokoza kuuma mutu kwa bambo uja. Ndinkati ndikumenyera dzina la agogo, osadziwa kuti maulendo anayi onsewo ndinkayenda padzuwa kukafufuta mwana wawo kachiwiri.