Magazi a mwana wa eni ake

Amene anandibweretsera uthenga ndi mkamwini wanga. Ndinali kupalira chimanga kwathu ku Nkomeshya. Iye saima pafupi ndi ine, amalankhula ali chapatali, maso ali pansi. Tsiku limenelo anagwetsera njinga m'mizere, n'kundigwira dzanja. Ndinadziwiratu kuti zinthu zaipa.

"Amayi, mwana wabadwa bwino, koma mkazi wanga magazi sakuleka. Ku kiliniki amutumiza kuchipatala chachikulu."

Ndinamupeza mwana wanga zikhato zitayera ngati ufa. Madokotala anali ataletsa kutaya magazi kuja, koma m'thupi munatsala ochepa. Ndinatambasulira namwino mkono.

"Asisita, tengani anga. Ndine n'namubala."

"Amayi, imwe mufunika okuonjezerani," anatero akumwetulira. "Komanso magazi ayamba apimidwa ku Lusaka, salowa tsiku lomwelo. Ambiri amapatsa ni ana a sekondale. Manje masukulu atseka, avutako. Tafunsa kwina, tiyembekeze."

Ine zimenezo sindinkazidziwa. Ndinkayesa kuti magazi amakhala m'kabati ngati panado. Ndinagwada pambali pa bedi, pemphero langa n'kukhala lachilendo. Ndinati, Ambuye, dziko lino ndi lalikulu. Pakhale mwana mmodzi, kaya ku Chipata kaya ku Mongu, amene sanaope nsingano asanapite ku holide.

Kutacha galimoto inabwera ndi bokosi lozizira. Anapachika thumba pachitsulo, ine n'kumayang'ana madontho akutsika. Pofika masana mwana wanga anatsegula maso. "Amama, mwana wayamwa?" Ndinalira mpaka amayi a pabedi lina anandikalipira kuti ndiwadzutsira wodwala.

Pathumba panalibe dzina. Mwini magaziwo sindidzamudziwa. Masukulu atatsegula, mango anali asanathe pakhomo panga. Ndinadzaza beseni n'kuika m'mbali mwa njira imene amadutsa ana a yunifolomu.

"Ambuya, ni zingati?"

"Dyani chabe, muonjezere magazi."

Anaseka, ati ambuya awa mutu wazungulira. Ndinawasiya aseke. Chaka chino ndaikanso.

Mwana wanga akuyenda, ngakhale akawerama ndi khasu chizungulire chimamugwirabe, ndipo kamdzukulu kayamba kuima kokha. Inu amene mwawerenga, mukagwada mutitchuleko ife a nyumba ino kuti mphamvu zake zibwerere. Musaiwalenso makolo a mwana uja anapereka magazi, kulikonse kumene ali, pakuti tsopano ndi abale athu.