Kaliyala ya ku Chingwere

Amadala owotcherera zitsulo kuseri kwa msika wa Kabwata salankhulalankhula. Chitsekereni malire a Rhodesia masipeya anasowa m'sitolo, ndiye iwo amadula mabedi akale n'kupanga mabulaketi ogwira kaliyala ya njinga yamoto. Wobwera ndi ntchito samufunsa kanthu, amangomuyang'ana manja.

Kale sanali otero. Aliyense ankamulandira ndi ukali: "Muzanyamula chani? Chitsulo chimapindikira katundu, osati mwini wake."

Tsiku lina m'mawa kunabwera Ba Kampamba, mesenjala wa ku Libala, akukankha njinga yawo. Ankafuna kuti kaliyala ikule pang'ono.

"Muzanyamula chani?" anakalipa amadala.

Ba Kampamba anatambasula manja kusonyeza utali wa kabokosi, ndipo manjawo sanatalikirane.

"Motoka yasowa, amadala. Niyenda naye ku Chingwere, kumanda."

Amadala anavula chipewa. Anamasula mabulaketi, anaboola mabowo atsopano, n'kuwasunthira kunja mpaka muyeso wa manja aja unakwana. Kenako anakulunga chitsulo chonse ndi mphira wa chubu, zimene sanachitirepo munthu.

"Njila ija ni yoipa," anatero akumanga mfundo yomaliza. "Mwana asagwedezeke."