Lipoti Langa, Dzina la Ba Mulenga

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha zala zachangu. Nditamaliza Giredi 12 ndinkakhala ndi amayi ku komboni ya George, n'kumatayipira anthu makalata pa kompyuta ya kutchalitchi. Mnzanga wa m'kwaya anandiuza kuti ku Matero kuli kaofesi kofuna anthu oonera mpira pa laputopu. Ndinayesa nthabwala, koma ndinakwera minibasi. Anandiyesa kutayipa, Lolemba ndinayamba.

Mpira wake sunali wathu uno. Unali wa ku Amereka, wa zipewa zolimba, wonyamula m'manja. Chaka chilichonse matimu aakulu kumeneko amasankha anyamata ochokera m'makoleji mosinthanasinthana, ndipo amati dirafuti. Mwayi woyamba kusankha ndi wamtengo wapatali, ukautaya pa munthu wolakwika timu imalira zaka. Kampani ina ya konko inkagulitsa malipoti kwa matimuwo, ndipo inkatitumizira mavidiyo kuti tiziwasanthula.

Ine anandipatsa maraningi baki, aja amalandira mpira kumbuyo n'kuthamanga nawo kulowa pakati pa adani. Zida zanga zinali laputopu, mahedifoni omveka khutu limodzi, ndi tebulo la mizere pa sikirini. Ndinkaimitsa vidiyo pomwe wosewera walandira mpira, kuiyendetsa pang'onopang'ono, n'kulemba mayadi amene wapita, pomwe mdani wamukhudza koyamba, ndi pomwe wagwa. Malaiti akapita tinkalumikiza pa inveta.

Wotiyang'anira anali Ba Mulenga, bambo wa taye ngakhale mu Okutobala. Sankanditchula dzina. "Iwe ka George," ankatero, "nchito yako ni kutinika chabe mabatani. Kuganiza utisiyile ise."

Ndinkaganizabe. Pa tebulo langa ndinawonjezera zizindikiro ziwiri zanga. MP anali mpata, pamene zimphona za kutsogolo za timu yake zatsegula njira yoti ngakhale wilibala n'kudutsa. YK anali yekha, pamene mnyamatayo wadzitsegulira njira ndi mphamvu zake. Patapita miyezi ndinaona chinthu. Mnyamata wotchuka amene aliyense ankati asankhidwe koyambirira anali wa MP pafupifupi paliponse. Wina wa kakoleji kosadziwika anali YK wokhawokha.

Ndinalemba lipoti. Ndinati timu isawononge mwayi woyamba pa raningi baki, chifukwa amagundidwa tsiku ndi tsiku, mawondo amatha msanga, ndipo wabwino amapezeka ngakhale dirafuti ili kumapeto. Ba Mulenga anawerenga n'kuseka. "Manje ndiwe kochi?"

Patatha sabata ndinalipeza lipotilo pa pulinta. Mawu anga onse analimo, mpaka pomwe ndinaphonya chilembo. Pamwamba panali dzina la Ba Mulenga. Tsiku lomwelo anauza mwini ofesi, Ba Sakala, kuti ndine wochedwa pa ntchito, ndipo Ba Mulenga omwewo anandiuza kuti mwezi ukatha ndisabwerenso. Mu minibasi ndinaluma mlomo mpaka kutuluka magazi. Sindinakadandaule kwa aliyense. Ndinkadziwa kuti Lachisanu masana mayi wina wa kukampani ya ku Amereka ija adzaimba pa vidiyo, ndipo ndinadikira.

Lachisanulo anandituma kukakonza tiyi. Ndikulowa ndi thireyi, mayiyo anali pa sikirini akuyamikira lipoti, Ba Mulenga akukonza taye. Kenako mayiyo anafunsa kuti MP ndi YK zikutanthauza chiyani.

Ba Mulenga anapeka mawu a Chingerezi ogwirizana ndi zilembozo. Mayiyo anakwinya nkhope n'kupempha kuti amuonetse vidiyo imodzi ya YK. Ba Mulenga anatsegula fayilo yolakwika. Anatsegula ina, nayonso yolakwika. Thukuta linayamba kudontha pa kolala. Ine ndinkathira shuga m'kapu ya Ba Sakala, supuni imodzi, pang'onopang'ono, n'kutakasa.

"Esinati," Ba Mulenga ananong'ona. Aka kanali koyamba kumva dzina langa pakamwa pawo. "Bwela, thandizako."

"Nithandize chani? Lipoti ni yanu, ba Mulenga."

Ba Sakala anatseka maikolofoni. "Vichani ivi? Analemba ni ndani?"

"Bafunseni beve," ndinatero. "Bakakamba pamaso pa bamayi aba, nizakamba na ine."

Maikolofoni anatsegulidwa. Ba Mulenga anayang'ana pansi n'kunena kuti ndinawathandiza. Sindinasunthe. Ba Sakala anagogoda tebulo ndi chala. Ndiye Ba Mulenga ananena bwinobwino, m'Chingerezi chawo chokoma chija, kuti lipoti lonse linali langa. Apo m'pamene ndinaika thireyi pansi. Ndinawapempha kuti adzuke pampando, ndinakhalapo, ndinatsegula vidiyo yoyenera. Ndinamuphunzitsa mayi wa ku Amereka mawu oti mpata ndi yekha, iye n'kumabwereza akuseka, Ba Mulenga ataimirira kumbuyo kwanga ngati mlonda.

Mwezi utatha amene sanabwerenso anali iwo. Dirafuti itafika, timu ina inamusankhabe mnyamata wotchuka uja koyambirira. Sizinandipweteke. Changa ndinali nditapeza kale.

Amayi anandiuza kuti ndikhululuke, poti bamboyo ali ndi ana. Ndinawayankha kuti pondichotsa ntchito sanafunse ngati ine ndili ndi amayi. Mpaka lero ndimakumana ndi Ba Mulenga pa siteshoni ya Matero. Ndimawapatsa moni mwaulemu, mokweza, n'kuwafunsa ngati anapeza kale ntchito.

Masiku ano ndine ndimaphunzitsa atsopano kusanthula mavidiyo, ndipo ndimawauza chinthu chimodzi. Ntchito yako uziidziwa mpaka mkati mwake, moti wakuba akaitenga azikusowabe. Ndipo tsiku lomwe wakusowalo likafika, usathamangire kumupulumutsa. Muleke ayambe walankhula zoona, aliyense akumva.