Firiji Imene Inkadikira Sipeya

Tsiku loyamba kuonana, mayi wina anali atakhala pamasitepe a nyumba yofufuzira matenda, atafungatira bokosi la ayezi ngati khanda. Wokonza mafiriji, amene anthu ankamutcha Bweranimawa, anayesa ndi wamalonda.

"Mwatitengera chiyani, mayi?"

"Tizidutswa ta ubongo, bambo. Tikafunda, ntchito yanga yonse yafa."

Mayiyo anali dokotala wofufuza, wothawa nkhondo kwawo. Nyumba ndi manda a mwamuna wake anazisiya m'mbuyo. Anangopulumutsa tizidutswa timeneti, ta ana amene anamwalira ndi kavairasi kotupitsa ubongo.

Akuluakulu a pamalopo anamulandira ndi manja awiri, makamaka wojambula zithunzi akakhala pafupi. Anamugulira ndi firiji yomwe. Koma mwambo wawo unali wakuti mphatso sigwira ntchito mlendo wolemekezeka asanadule riboni, ndipo mlendoyo anali paulendo. Firiji inangoti njo pakhonde, riboni m'chiuno ngati mkwatibwi, uku ayezi akusungunuka.

"Bwana, tingoiyatsa," dokotala anachonderera.

"Musatichititse manyazi, Adokotala," anatero mkulu wa pamalopo. "Mlendo adzatsegule chogwira kale ntchito?"

Akuluakulu aja anaitana Bweranimawa kuti adzangoona ngati firijiyo ili bwino. Anayang'ana madzi akudontha pabokosi lija, kenako anagunditsa khutu pafiriji, nagogoda, napukusa mutu ngati wobwera kudzalengeza maliro.

"Bwana, iyi yabwera yodwala. Mukaiyatsa pamaso pa mlendo, iphulika."

Mkulu uja thukuta kamukamu. "Chotsani msanga, achimwene!"

Bweranimawa anaikankha pangolo mpaka kushedi kwake, naiyatsa pakati pa mitembo ya mafiriji ena. Dokotala anaikamo chuma chake, nakhala pansi, n'kulira koyamba chithawireni. Kuyambira pamenepo ankagwira ntchito pathebulo la masipanala.

Tsiku la mwambo, Bweranimawa anabweretsa chigoba cha firiji chopanda injini, chopakidwa penti yoyera, kuti chigwirizire malo. Mlendo anadula riboni, napisamo dzanja.

"Kuzizira kwakeko!" anatero, anthu n'kuwomba m'manja.

Mkulu akafunsa za firiji yeniyeni, yankho linali lomwe lija limene Bweranimawa analerera ana ake onse: "Sipeya sinafike, bwana. Bwerani mawa." Mkuluyo anafika popuma ntchito sipeya ikadali m'njira. Koma mushedi muja dokotala anapeza njira yozindikirira nthendayo mwana asanayambe kukomoka, ndipo akuluakulu anajambulitsanso, ataima pambali pa chigoba chija.

Atakalamba, maso atachita khungu, Bweranimawa ankakhala kwa mwana wake wamkazi. Tsiku lina dokotala, nayenso imvi mbuu, anabwera kudzamuzonda. Anamupeza atatsamira firiji ya m'khitchini, akumvetsera kulira kwake.

"Bambo, kwabwera mkulu watsopano. Akufunsa za firiji ija."

Nkhalamba inaseka mpaka kutsokomola, nifufuza dzanja la dokotala.

"Mlongo wanga, kamuuzeni abwere mawa."