Mbewa ya Virginia

Ku Sandwe kuno, a Febian Daka ankadziwika ndi mbewa. Akangoyang'ana una, ankadziwa ngati muli kapuku kapena mwangotsala fungo. Anali alamu anga, amuna a mkulu wanga Virginia, ndipo ndinene poyera kuti mpaka lero mtima wanga sunawakhululukire kwenikweni.

Zaka zimenezo, khadi la chipani likufunsidwa pakhomo la msika ku Petauke, kunabwera anthu ofufuza za kaodzera, matenda a kashembe wa kuchigwa cha Luangwa. Anamanga timanyumba tamalata kumapeto kwa mudzi, nabweretsa mbewa zoyera, za maso ofiira, m'mabokosi a waya. Pofuna munthu wozisamalira, mudzi wonse unaloza a Daka. Tinaseka mpaka misozi, kuti fisi wapatsidwa khola.

Koma sanadyeko ngakhale imodzi. Ntchito yake inali yotere: wodwala akabwera, dokotala wachinyamata wa ku Lusaka, a Whiteson Mumba, ankamutenga magazi n'kubaya nawo mbewa. Pakapita masiku ankadula kansonga ka mchira n'kuyeza. Akapeza tizilombo, wodwalayo ankanyamulidwa pa galimoto kupita kuchipatala. Mbewa ija ankaipha, n'kuchotsa kapamba, n'kudonthezera timadzi ta m'kabotolo kochokera kunja, kosungidwa m'firiji ya palafini. Timadzito tinkamatirira pa mtundu umodzi wokha wa asilikali a m'magazi a mbewa, kuti awoneke ndi kuwerengeka.

Tsiku lina a Mumba anawalola alamu kusuzumira pa makina owonera tinthu ting'onoting'ono. Alamu anabwera kunyumba n'kutifotokozera. Anati m'kati muja muli mdima, ndipo mumdimamo muli timadontho tobiriwira towala ngati ziphaniphani.

"Ni maso yaja," anatiuza. "Yenze kuniyangana."

Kwathu kuno magazi a munthu ndi munthu yemweyo. Sitisiya nsanza ya magazi pabwalo, ngakhale tsitsi lometa timakwirira. Ndiye alamu anasiya kuitana mbewazo ndi manambala a pabokosi. Ndinawamvapo ndekha m'mawa wina ndikukawapatsira chakudya, akuyenda bokosi ndi bokosi: "Mwauka bwanji a Jonas? Amai Jennipher, lelo simunadye." Timaso tofiira tonse tili pa iwo. Ndinangotula mbale pakhomo n'kubwerera.

Ndipo ankaona chinthu chimodzi. Mbewa ya a Jonas itaphedwa, maliro a a Jonas anabwera. Ya amai Jennipher chimodzimodzi. Zoti anthuwo ankafika matenda atawadya kale, komanso zoti ena ambiri ankabwerako kuchipatala akuyenda okha, alamu sankaziika m'mutu. Iwo ankangoona mpeni ndi maliro.

Chaka chimenecho, mvula itangoyamba, Virginia anadwala. Mutu, kutentha thupi, kenako kusinza masana khasu lili m'manja. Ine ndi amene ndinamukokera kwa a Mumba, amuna ake akukana. Anamutenga magazi, nabaya mbewa. Patapita masiku, a Mumba anayeza mchira, nati magazi ndi oyera. Anabwerezanso, osapeza kanthu. Anamupatsa mapiritsi a malungo, ife n'kuthokoza Mulungu.

Chimene sitinadziwe n'chakuti mbewa ya m'bokosi lija sinali yake. Alamu anali ataisintha ndi ina yabwinobwino. Yeniyeniyo anaibisa m'mphika kuseri kwa nkhokwe, akuidyetsa nsinjiro ndi gaga, kuti mpeni wa a Mumba usamupeze mkazi wawo.

Virginia ankangotha. Anayamba kundiitana dzina la mayi athu amene anamwalira kalekale. Masana ena ndikufuna chophikira, ndinavundukula mphika uja. Kambewa koyera kanali khale, ubweya uli nyankhalala, mutu ukugwa pang'onopang'ono, kenako n'kudzidzimuka. Nditacheuka, pakhonde mkulu wanga mutu ukugwa chimodzimodzi, n'kudzidzimukanso. Ndinaponya chivundikiro pansi.

"Alamu, ichi n'chiyani?"

"Vundikilani mlamu, angazizidwe," anayankha motsitsa mawu. "Ni Virginia uyo."

Apo m'pamene ndinamvetsa zonse. Ndinawatukwana mawu amene sindingawalembe pano. Ndinanyamula mphikawo pamutu, kuthamanga nawo mpaka kwa a Mumba, alamu akunditsatira akulira ngati mwana. Pofika, kambewa kanali katauma. A Mumba anayeza magazi a kambewako, nakhala pansi atagwira mutu. Anati tizilombo tinali piringupiringu, ndipo akanapeza tizilomboto pa nthawi ija, Virginia akanapita kuchipatala matenda asanafike kumutu.

Galimoto inanyamuka masana omwewo, koma msewu wa ku Sandwe nthawi ya mvula mukuudziwa. Mkulu wanga anatsirizikira pamiyendo panga tisanafike n'ku Petauke komwe.

Alamu anakapempha mbewa ija. Anaikulunga m'kachidutswa ka chitenje cha mkazi wawo, naiika m'bokosi la maliro chakumapazi, kuti munthu apite wathunthu. Palibe anawaletsa. Ntchito inawathera pomwepo, ndipo sanakumbenso una moyo wawo wonse. Anyamata akadutsa ndi mbewa zowamba zopanidwa pa timitengo, iwo ankatembenukira kukhoma.

Anakalamba, maso anachita khungu, ndipo popeza analibe wina, ndine ndinkawaphikira. Ndinkadikira tsiku limene adzanene kuti analakwa. Chaka chimene anamwalira ndinawafunsa ndekha, nditawapatsira phala, ngati amadziwa chimene anachita.

Anasisita m'mphepete mwa mbale.

"Niziba mlamu," anatero. "Mukanapanda kunyamula mphika uja, sembe akali moyo. Munamugwedeza maningi panjila."