Zimene agogo anandinong'oneza

Ndinali m'kalasi la desima, lachikhumi, pamene apulofesora, aphunzitsi athu, anandisankha kuti ndikamasulire alendo. Anali amayi awiri ochokera ku Tete, ofufuza mmene anthu amakhalira m'nyumba yosungiramo okalamba, kuseri kwa msika wa ku Furancungo. Chichewa sankachidziwa. Ine Chipwitikizi ndinkakhoza kuposa anzanga onse, ndipo m'mawa umenewo ndinalemba mu kaderno yanga kuti mwina njira yanga ya unamwino yayambira pano.

Alendo anafuna kuti okalamba ndi antchito akhale pamodzi pakhonde. "Pano palibe wamkulu," anatero. "Iwe umasulire zonse, usasiye kanthu."

Mayankho anali ofanana. Chakudya? Chabwino. Zofunda? Zilipo. Amayi oyang'anira nyumbayo ankangogwedeza mutu, makiyi ali pamiyendo.

Pafupi nane panakhala agogo ena a ku Chidzolomondo, amene adzukulu awo anawathamangitsa powanamizira ufiti, nyumba n'kuitentha. Anandikoka siketi n'kundinong'oneza: "Mwanawe, mabulangete awa atulutsa lero chifukwa cha alendo. Akangopita, awabwezera m'kabati. Ndipo ukadzinyowetsa, tsiku limenelo sudya."

"Akuti chiyani?" anafunsa mlendo wamkulu.

Ndinaimirira ngati m'kalasi. Ndinanena zonse mokweza, m'Chipwitikizi chosalala, osaphonya liwu. Mlendo analemba mofulumira, nandiyamikira kuti, "Muito bem." Ndinanyada. Sindinaganize kuti amayi a makiyi nawonso anapita kusukulu.

Amayi a makiyiwo anaseka. "Agogo awa mutu unazungulira kalekale. Dzulo ankati ndawabera ng'ombe." Antchito anaseka, okalamba ena anasekanso, maso ali pansi. Kenako alendo anagawa mabisiketi, amene timati mabolasha, anajambula chithunzi, galimoto n'kupita.

Loweruka ndinabwererako nditatenga mbatata zophika. Pachipata ndinapeza mota, njinga yamoto yonyamula anthu, agogo aja atakwezedwa kale, kathumba kawo kali pamimba. Anawamangirira ndi chitenje kumsana kwa woyendetsa kuti asagwe.

"Akupita kwawo," anatero amayi a makiyi. "Paja kuno timawazunza. Si choncho, adotora?"

"Koma kwawo anawatenthera nyumba!"

"Kaneneni m'Chipwitikizi."

Ndinagwada pafupi ndi tayala. "Agogo, ndikhululukireni. Anandiuza kuti ndinene zonse."

Ananditembenukira. "Ndikanafuna kuti amve onse, bwenzi nditafuula ndekha. Pakamwa ndili napo." Mbatata anazikana. Mota inalira, fumbi linandilowa m'maso.

Alendo aja ndinawalembera kalata, apulofesora anaitumiza pa foni. Ndikukhulupirira kuti ayankha, chifukwa anali anthu aulemu, ndipo zonse anazilemba. Pamsika ndimafunsa wa mota aliyense wochokera ku Chidzolomondo za agogo aja. Mmodzi anati anawaonapo akukhala m'chigafa cha fodya cha munthu wina. Ndinamupatsa juzi yanga ya kusukulu kuti akawapatse. Patapita sabata anabwera nayo, yopindidwa mmene ndinaipindira.