Tinaima pa Mlatho Umodzi

Achimwene anga atapita ku Joni, mafoni athu anasanduka msonkhano wa mavuto. Akaimba, nkhani inali ya mabondo a Amayi, denga lodontha, ndi maliro amene achitika ku Kawale kuno. Zimenezo zikatha tinkangoti zii, mpaka wina n'kunamizira netiweki. Netiwekiyo inali bwinobwino. Ovuta tinali ife, ndipo zinkandiwawa.

Kale sitinali choncho. Tili ana, Loweruka ankanditenga ku kashopu ka magemu ku Biwi, komwe anyamata ankathithikana pa benchi patsogolo pa TV. Mtsikana ndinalipo ndekha. Achimwene ankandipatsa rimoti yachiwiri, yomwe batani lake lina linali lakufa, ndipo ndikawagonjetsa ankauza anzawo kuti andisiyira dala. Linali bodza lamkunkhuniza.

Tsiku lina pafoni anatchula gemu yomwe ankasewera akaweruka kuntchito. Anati ndi ya pa intaneti: umadzipangira munthu wako, n'kumayenda naye m'midzi ndi m'nkhalango, kukumana ndi osewera a m'maiko ena. Pakati pa mudzi woyambira pali mlatho wamiyala, ndipo Lamulungu masana ankakonda kuima pamenepo. Polankhula zimenezi mawu awo anali a ku Biwi aja, amene ndinkawasowa. Foni isanadulidwe ndinali nditamanga kale mfundo yoti ndikawadzidzimutse pa mlathopo.

Gemuyo inalipo pawiri, ya pa kompyuta ndi ya pa kabokosi kolumikiza ku TV. Ndinapita kwa bambo wina wa ku Area 25 wogulitsa zamagetsi zogwiritsidwapo kale ntchito. Iwo anandilangiza laputopu. Anati magetsi akathima laputopu imapitiriza, pomwe kabokosi kamafera pomwepo, komanso ndikhoza kumachitirapo ntchito zina. Kenako anafunsa kuti mnzanga wosewera nayeyo ali pa chiyani. Ndinawayankha mwathamo kuti achimwene anga ndimawadziwa ine. Munthu wokulira pa rimoti angakhale pa kiyibodi ngati kalaliki? Ndinatenga kabokosi ndi marimoti awiri, ngakhale bambowo anandiuza kuti pa gemu imeneyi yachiwiriyo ilibe ntchito. Makani ndinatengera Amayi.

Ndinaiphunzira gemuyo mwakachetechete, ndipo munthu wanga ndinamuveka zofiira kuti aonekere patali. Lamulungu lina, titachokera ku tchalitchi, magetsi analipo, bandulo ndinali nditagula. Ndinakaima pa mlatho. Anthu ankadutsa, ena ndi malupanga, ena pa akavalo, koma dzina la achimwene silinatulukire. Kudikira kutandikwana, ndinaimba foni.

"Achimwene, muli pa mlatho?"

"Ndili pomwepo. Wadziwa bwanji iwe?"

"Nanenso ndili pomwepo. Ndavala zofiira, pafupi ndi nyali."

Anaseka mpaka kutsokomola, kenako anati sakundiona. Tinafotokozerana zonse: nyali, mtsinje, ngolo yothyoka yomwe inali kutsidya. Palibe chinasiyana. Ndiye anafunsa chimene ndikusewererapo, ndipo nditanena anandifotokozera pamene panali vuto. Iwo anali pa kompyuta yakale yomwe abwana awo anawabwereka, ndipo mu gemu imeneyi a pa kompyuta ndi a pa TV sakumana. Mlatho unali womwewo, koma aliyense anali ndi wake.

Ndinalira, osabisa n'komwe. Ndinkayembekeza kuti andiseka chifukwa chosafunsa, pajatu safunsa anadya phula. Sananditero.

"Usachokepo," anatero. "Tandiuza, kwanuko kukudutsa ndani?"

Ndinawauza za munthu wina wonenepa yemwe ankalimbana ndi nkhuku. Iwo anandiuza za mkazi wa chipewa chachitali yemwe ankavina yekha. Tinacheza mpaka bandulo inatha, ndipo za denga sitinazitchule.

Ndinkati ndibweze kabokosi nditenge laputopu, koma ndisanatero achimwene anasiya ntchito ija, kompyuta n'kubwerera kwa eni ake. Lero mafoni athu anabwereranso ku mabondo a Amayi. Lamulungu masana, magetsi akakhalapo, ndimakaimabe pa mlatho paja, ngakhale ndikudziwa kuti sangatulukire. Ndimawasowa kwambiri.

Rimoti yachiwiri ili m'kabati, mabatani ake onse ndi amoyo. Akadzabwera ndidzawapatsa imeneyo, tidzaika gemu ina iliyonse ya anthu awiri, ndipo ulendo uno wodzasiyira mnzake dala ndidzakhala ine.